Safunsa adadya phula, nanga wofunsa uja?

Akuluakulu adatiuza kuti safunsa adadya phula. Mwambiwu ndimaukonda, koma uli ndi kampata kamodzi: umatisiya tikuganiza kuti munthu akangofunsa ndiye kuti wapulumuka. Nkhani yomwe ndikufuna tikambirane sabata ino ndi ya munthu yemwe adafunsa bwinobwino, adayankhidwa, koma phula lija adadyabe, ndipo adadyetsa anthu ambirimbiri padziko lapansi.

Poyamba ndifotokoze ntchito ya munthuyu, poti ambiri sitiidziwa ngakhale timaidyerera. Makompyuta ambiri omwe amanyamula masamba a pa intaneti amayendera Linux. Koma Linux sabwera ngati chinthu chimodzi chochokera kufakitale imodzi. Ndi mapulogalamu zikwizikwi olembedwa ndi anthu osadziwana, wina ku Finland, wina ku Germany, wina ku America. Ena mwa mapulogalamuwa amatchedwa laibulale: sagwira ntchito paokha, koma mapulogalamu ena amabwerekako nzeru, monga mmene mudzi wonse umatungira pa chitsime chimodzi. Tsono pamafunika anthu oti atole zonsezi, azikonze kuti zigwirizane, n'kuzimanga m'maphukusi oti ine ndi inu tingotsitsa. Gulu lotchuka pa ntchito yolongedzayi ndi la Debian, lomwe Ian Murdock adaliyambitsa mu 1993. Anthu ake ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, akaweruka kuntchito zawo, popanda malipiro.

Wolongedza ali ngati nkhoswe. Mwana si wake, koma zikavuta m'banja anthu amathamangira kwa iyeyo. Amaima pakati pa eni pulogalamu ndi ife ogwiritsa ntchito.

Mu 2006, wolongedza wina wa Debian ankasamala laibulale yotchedwa OpenSSL. Iyi ndiyo imapanga makiyi achinsinsi omwe amatseka makalata ndi ndalama zikamadutsa pa intaneti. Kiyi wabwino ayenera kuchokera ku nambala zoti munthu sangazilote. Choncho OpenSSL imatola tizinthu tosiyanasiyana tosayembekezeka n'kumativundula mumphika umodzi, ndipo kiyi amatuluka m'menemo. Mwa tizinthu timeneti munalinso nyenyeswa zotsalira m'chikumbumtima cha kompyuta, malo omwe sadasesedwe. Chida china chofufuzira zolakwa, Valgrind, chinkalira nthawi zonse chikaona zimenezi, ndipo anthu adadandaula kwa wolongedza uja kuti phokosoli likuwalepheretsa kuona zolakwa zenizeni m'mapulogalamu awo.

Iye adapeza mizere iwiri yomwe inkayambitsa phokosolo. Inkaoneka yofanana ngati mapasa. Adafunsa kwa anthu a OpenSSL ngati pali vuto kuichotsa. Yankho lomwe adalandira lidamveka ngati chilolezo: ngati zikuthandiza pofufuza zolakwa, ichotseni. Adaichotsa. Mu September 2006 phukusi losinthidwalo lidalowa mu Debian.

Mzere umodzi udalidi wosafunikira kwenikweni. Koma winawo ndiwo udali khomo lomwe pafupifupi zonse zinkalowera mumphika muja. Utatsekedwa, chomwe chidatsala chinali kanambala komwe kompyuta imapatsa pulogalamu iliyonse ikamayamba, ndipo kanambalako sikankapitirira 32,768. Tangoganizani fakitale ya maloko yomwe ikulonjeza kuti loko aliyense ali ndi kiyi wakewake, pomwe makiyi onse a mtundu umodzi angakwane m'chidebe chimodzi. Wakuba sasowa kuthyola chitseko, amangoyesa mmodzimmodzi. Zidakhala choncho miyezi pafupifupi 20, mpaka Luciano Bello wa ku Argentina, wa Debian yemweyo, atazitulukira. Chilengezo chidatuluka pa 13 May 2008. Apa n'kuti cholakwacho chitalowa kale mu Debian 4.0 komanso mu Ubuntu, yemwe amatapa maphukusi ake ku Debian. Ndipo kukonza mizere ija sikudakwanire. Kiyi aliyense wopangidwa m'miyezi imeneyo adayenera kutayidwa, ngakhale amene adali atasamutsidwira kale pa makompyuta ena osayendera Debian.

Tsono funso langa n'lakuti: mlandu uwu ngwa yani?

Yankho lachangu, lomwe ambiri adapereka nthawi imeneyo, n'lakuti wolongedza asamagwire zomwe sakuzimvetsa. Ntchito yake n'kumanga phukusi, osati kusintha zam'kati. Zikumveka bwino, koma amene amanena izi sadalongedzepo. Wolongedza amasintha zinthu tsiku lililonse, ndipo akapanda kutero theka la mapulogalamu silingayende limodzi. Mwini pulogalamu amaona yake yokhayo. Wolongedza ndiye amaona pomwe ikugundana ndi zinzake. Nkhoswe yomwe imangonyamula mawu uku ndi uku osaikapo nzeru yake si nkhoswe, ndi mthenga chabe.

Yankho lina ndi la achifundo: munthuyu adali ndi cholinga chabwino, sankalipidwa, ndipo adafunsa. Musiyeni. Apa ndiye ndikufuna tidekhe, chifukwa mfundo zitatuzi sizilemera mofanana.

Za cholinga chabwino sinditsutsa, koma cholinga chimangotiuza kuti munthu si chigawenga. Sichitiuza ngati adasamala mokwanira. Za kusalipidwa nazo, kunena zoona, sindizivomera ngati chothawira. Mnzanu akadzipereka yekha kukusungirani mwana, simuyembekezera kuti azimuyang'anira ndi diso limodzi poti n'zaulere. Udindo umabwera ndi kuvomera, osati ndi malipiro. Anthu a Debian enieniwo sadabisale kumbuyo kwa mawu oti "ndife ongodzipereka", ndipo pamenepo ndimawapatsa ulemu.

Kufunsa kuja ndiko kumandisowetsa tulo. Anthu atabwerera kukawerenga funso lake, adapeza kuti adaonetsa mizere iwiriyo payokha, popanda zozungulira zomwe zikadaonetsa kuti mapasawo ntchito zawo n'zosiyana. Sadanenenso momveka kuti zomwe akufunsazo zikalowa m'phukusi lopita kwa aliyense wogwiritsa ntchito Debian. Woyankha uja ayenera adaganiza kuti ndi munthu yemwe akungofuna kuzimitsa phokoso pa kompyuta yake madzulo amodzi. Funso lidali laling'ono, yankho lidabwera laling'ono, koma chochitikacho chidali chachikulu. Ndani wa ife sadachitepo zotere? Timapita kwa wamkulu n'kufunsa mwachidule, modutsa, iye ali pakhomo akutuluka, ndipo akagwedeza mutu timati basi, wavomera. Sitinanama. Koma tafunsa kuti titule katundu, osati kuti atiletse ngati talakwa. Sindikunena kuti wolongedza uja adachita dala. Ndikhulupirira kuti iye mwini sadadziwe kulemera kwa chomwe adanyamula. Komatu munthu ukakhala kuti sukudziwa kulemera kwa chinthu, m'pamene uyenera kunena zonse: ndine wakuti, ndikufuna kuchita chakuti, chikafika kwa akuti.

Nawonso eni pulogalamu sangasambe m'manja. Mmodzi mwa akuluakulu a OpenSSL adalemba mokwiya kuti kusinthaku kukadatumizidwa kwa iwo akadakukana nthawi yomweyo, ndipo atauzidwa kuti munthuyo adafunsa, kudamveka zoti adafunsira pa khomo lolakwika. Chabwino. Koma ngati nyumba ili ndi makomo awiri ndipo mlendo sangadziwe lenileni, vuto ndi la mlendo yekha? Komanso mizere yofunika chonchija idangokhala popanda chenjezo lomveka loti uwu musaukhudze. Wolemba zinthu zoti ena adzazigwire ali ndi ngongole kwa munthu yemwe sadzamuona, wodzabwera zaka zisanu m'tsogolo atatopa, usiku.

Pali cholakwa chimodzi chomwe ndimachiona chachikulu kuposa kuchotsa mizere. Atasintha, kusinthako kudangokhala ku Debian, sikudabwezedwe kwa eni kuti akuunike ngati chinthu chatha. Ukabwereka khasu la mnzako n'kulisintha mpini, umamuonetsa. Kukadachitika zimenezo, maso ena akadaona. M'malo mwake mbali iliyonse inkaganiza kuti inzake ikuyang'ana. Timakonda kunena kuti mapulogalamu otere ndi otetezeka poti aliyense angathe kuwawerenga. Kutha kuwerenga ndi kuwerenga ndi zinthu ziwiri. Mizere ija idali poyera miyezi yonse ija.

Nanga ife otunga pa chitsimechi? Mu 2014, pomwe cholakwa china cha OpenSSL chotchedwa Heartbleed chidagwedeza dziko, zidadziwika kuti zopereka zomwe ntchitoyi inkalandira zinali pafupifupi madola 2,000 pachaka, ndipo wogwira ntchitoyi tsiku lonse adali mmodzi. Mabanki ndi makampani akuluakulu ankatsamira pa anthu ochepawa osaponyapo kanthu. Izi sizichotsa mlandu wa wolakwa, ayi, koma zimachepetsa mawu a wodzudzula. Amene sadakumbe nawo chitsime akapeza chule m'madzi angathe kudandaula, koma mwapansipansi.

Chomwe chimandigwira mtima n'zomwe zidachitika pambuyo pake. Mu 1997 Debian idalemba pangano lake ndi anthu, ndipo imodzi mwa mfundo zake ndi yakuti sadzabisa mavuto. Mu 2008 panganolo lidayesedwa pa nkhani yochititsa manyazi kwambiri. Adalengeza poyera, adafotokoza pomwe zidalakwika, adatulutsa mndandanda wa makiyi ofooka ndi zida zoti aliyense ayezere ake. Kampani ina ikadangokonza mwakachetechete n'kutchula kuti "zasinthidwa pang'ono". Inde, kulengezako kudadzutsanso akuba, poti nawo adawerenga. Koma munthu sangasinthe loko yemwe sakudziwa kuti ngwoonongeka.

Wolongedza uja sadathamangitsidwe, ndipo sadathawe. Adapitiriza kusamala phukusi lomwelo la OpenSSL ku Debian. Patapita zaka, gulu la OpenSSL litayamba kuonjezera anthu, mmodzi mwa omwe adalandiridwa kuti azilemba nawo laibulaleyo adali iyeyo.