Batani la a Fisi

Padangokhala Fisi. Fisiyo anali wakatapila.

Januwale akafika, nkhokwe zitayamba kulowa mphepo, nyama zonse za m'dambo zinkalunjika kwa iye. Mbawala ankafuna ngongole ya feteleza. Nguluwe ankafuna ya kuchigayo. Nyani ankati akufuna ya fizi ya ana, ngakhale aliyense ankadziwa kuti fizi imeneyo imathera pa kachasu. Fisi sankabweza aliyense. Ukatenga K10,000, mwezi ukatha ubweze K15,000. Ukachedwa, ndalamayo inkabereka ana, anawo n'kuberekanso zidzukulu.

Ngongole zonsezi ankazilemba m'kope la sukulu. Tsiku lina chiswe chinadya masamba atatu, Fisi n'kulira ngati kwagwa maliro. Mkamwini wake wa ku Johannesburg atamva, anatumiza laputopu pa basi kuti apongozi atonthole. Inali yopyapyala, yonyezimira, yonunkhira m'sitolo.

Fisi kompyuta ankaidziwa. Kale, ali mlonda pa ofesi ina m'tauni, ankaiseweretsa usiku mabwana atapita. Ndiye anakhala pakhonde masiku atatu, chala chimodzi kho! kho! kho! Dzina, tsiku, ndalama, chiongoladzanja. Atamaliza anatenga kope lija n'kuyatsira moto wa phala.

"Chiswe chidye magetsi tione," anatero.

Koma panali kanthu kamodzi kamene kankamusowetsa tulo.

"Mayi, tabwerani mudzaone chipongwe. Batani la Start alikhazika pakati."

"Nanga likakhala pakati silitseguka, bambo?"

"Likutseguka. Koma kwawo ndi kumanzere, pakona. Pa Windows 7 linkakhala pakona, lozungulira bwino ngati dzira. Imene ija ndiye inali kompyuta. Za 11 izi n'zachibwana."

M'mawa anaikulunga m'chitenje cha mkazi wake, ulendo wa kumsika. Pansi pa mkuyu pankakhala Kamba, wokonza mafoni ndi makompyuta, sola atayanika pamsana.

"A Kamba, chotsanimo izi. Muikemo 7."

Kamba anatulutsa khosi pang'onopang'ono. "Yakulakwirani chiyani, a Fisi?"

"Ine ndabwera ndi ntchito, sindinabwere ndi mlandu."

"Chabwino. Koma 7 ndi wa 2009. Eni ake a Microsoft anasiya kumusamalira pa 14 Januwale 2020. Kuyambira tsiku limenelo, khoma likang'aluka palibe wobwera kudzamata. Makoswe amangolowa. Mu 2017, eni ake akadamatabe, kachilombo kotchedwa WannaCry kanatseka makompyuta amene anachedwa kumatidwa, mpaka zipatala za ku Britain zinabweza odwala. Nanga lero?"

"Ku Britain n'kutali."

"Chrome nayenso anamusiya 7 mu 2023, analekera pa nambala 109. Ngakhale 10, mng'ono wake, anamusiya mu Okutobala 2025."

"Mwatha?"

"Ayi. Mukanakhala kuti munachita kukweza nokha kuchoka pa 10, pali kakhomo kobwerera kamene kamakhala kotsekula masiku 10. Koma iyi inabadwa ndi 11. Kubwerera kwake ndi kugwetsa nyumba yonse."

"Igwetseni."

"Katundu ali momwemo?"

Apa Fisi anakhala chete. Anakumbukira kope lija ndi phala lija.

Kamba anamugulitsa fulashi. Fisi anatsitsa mtengo mpaka dzuwa linafika paliwombo, n'kulipira akubuula ngati akumuzula dzino. Kamba anakopera fayilo ya ngongole m'fulashimo.

"Iyi muisunge m'thumba la m'kati. Musabwereke aliyense. Koma zoika 7 pa makina awa, pepani, manja anga sagwira."

"Nkhalamba yamantha!" anatero Fisi, n'kunyamuka.

Kuseri kwa mkuyu kunali Kalulu, akutafuna nzimbe, makutu ali njo! Anataya chitsotso n'kumuthamangira.

"Malume! Malume! Mwatenga chinthu chokongola chonchi n'kupita nacho kwa agogo aja? Iwo aja kudina batani limodzi mpaka mawa. Ine 7 ndili naye mufonimu. Wanga ndi wokonzakonza, ndinamuthira kale zoti azigwira pa makina atsopano."

"Zingati?"

"Aa, malume, pachibale? Ulere."

Mawu akuti ulere analowa m'khutu la Fisi ngati uchi. Anafika kunyumba, anayala mphasa pakhonde, mpaka anauza mkazi wake kuti mlendo amupatse madzi akumwa. Madzi okha.

Kalulu analumikiza foni ku laputopu, anakopera zake, kenako anatambasula dzanja.

"Fulashi, malume."

"Ya chiyani?"

"Windows salowa ndi miyendo. Kale ankabwera pa chimbale, koma makina anuwa alibe khomo la chimbale. Akwere fulashi. Ndipatseni ndalama ndikagule."

Mafulashi awiri tsiku limodzi! Fisi anamva m'mimba kupota. Anaganiza, anaganiza. Kenako anapisa dzanja m'thumba la m'kati.

"Iyi ili ndi malo ambiri. Kafayilo kanga n'kakang'ono. Agonera limodzi."

"Mwanena ndinu, malume."

Kalulu anatsekula pulogalamu yotchedwa Rufus, imene imakonza fulashi kuti inyamule Windows. Pa sikirini panatuluka kabokosi ka chenjezo, mawu ena a zilembo zikuluzikulu.

"Akuti chiyani?" Chizungu cha Fisi chinali cha pageti.

"Akufunsa ngati mwini wake akuvomera. Dinani nokha, malume. Chala cha mwini ndiye chimadalitsa."

Fisi anadina OK. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda, iye n'kumakayamikira kuti kakuyenda mwaulemu.

Atatha apo Kalulu anazimitsa laputopu, anaiyatsanso, n'kumamenya F2 ngati ng'oma. Panatuluka tsamba lachilendo lopanda zithunzi.

"Kuno ndi kuchipata, malume. Mwamuona uyu, Secure Boot? Ndi mlonda. Salola alendo amene sakuwadziwa."

"Amalipidwa?"

"Amadya batire lanu lomweli."

"Muchotse ntchito."

Mlonda anachotsedwa ntchito. Windows 7 analowa, maluwa ake akuwala, Fisi n'kuwomba m'manja. Koma atafika pakati anaima.

"Watani?"

"Akukana. Akuti nyumbayi anaigawa zipinda mwa GPT, pomwe iye walowera khomo lakale, lofuna MBR. Onani zipinda zake izi. Chachikulu ichi, ting'onoting'ono iti."

"Ndiye titani?"

"Makoma agwe. Koma ine ndine mwana, sindingagwetse nyumba ya malume anga."

Fisi anakokera laputopu kwa iye. Anasankha chipinda choyamba, Delete. Chinafunsa ngati akunenetsa. Ananenetsa. Chachiwiri, Delete. Anayamba kumva kukoma, ngati mmene ankamvera polanda mbuzi ya wangongole. Anafika pa chachikulu, mmene munkagona Mbawala ndi feteleza wake, Nguluwe ndi chigayo chake, Nyani ndi fizi yake.

Mkazi wake anasuzumira pazenera. "Bambo, si mmene muli ndalama zathu umo?"

"Za amuna izi, mayi. Zonse zili m'fulashi."

Delete.

Panatsala kachipinda kamodzi kolembedwa Recovery.

"Nanga aka?"

"Akuti n'kobwezeretsera zinthu zikavuta. Kamangokhala, kudikira tsoka."

"Kamangokhala? Osalipira lendi?"

Delete.

Dzuwa likulowa, laputopu inadzuka. Pakona, kumanzere, panali batani lozungulira ngati dzira. Fisi anavina. Anavina pakhonde, anavina pabwalo, fumbi koboo! Kalulu anayang'ana kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe.

"Malume, mvula ikubwera. Ndithamange."

Kutacha, Fisi anatsekula chuma chake. Zithunzi za pa sikirini zinali zikuluzikulu ngati maungu. Anaika nyimbo, zii. Anafuna intaneti, kachizindikiro ka netiweki kali ndi mtanda wofiira. Anazimitsa, anayatsa. Anaigwedeza. Anaiopseza kuti aiwonjezera chiongoladzanja. Zii.

Anaikulunganso m'chitenje.

Kamba anaiyang'ana nthawi yaitali. "Mulibe madalaivala."

"Madalaivala? Kodi yasanduka minibasi?"

"Kachipangizo kalikonse m'katimu, ka mawu, ka zithunzi, ka Wi-Fi, kali ndi kapulogalamu kokayendetsa. Ameneyo ndiye dalaivala. Amene analipo munawagwetsera makoma."

"Itanani ena."

"Amakhala pa intaneti."

"Lowani pa intanetipo."

"Polowera pake pakufunika dalaivala."

Fisi anakanda mutu ndi mwendo wakumbuyo.

"Tikhoza kukopa pa kompyuta ina," anapitiriza Kamba, "koma opanga makina anuwa sanalembe madalaivala a 7. Ankawapanga 7 atapuma kale ntchito. Simungakope chinthu chimene sichinalembedwe."

"Zisiyeni zimenezo. Nyimbo sizidyedwa. Ine ndikufuna ngongole zanga." Anapisa m'thumba la m'kati monyada, n'kutulutsa fulashi.

Kamba anailowetsa. Anayang'ana. Anapukuta magalasi, anayang'ananso.

"A Fisi, fulashiyi inapita kuti dzulo?"

"Inangonyamulako mlendo."

"Mlendo ameneyo sakwera ndi anzake. Rufus asanamukweze amayamba wasesa zonse. Ndipo amachenjeza. Sanakufunseni?"

"Anafunsa."

"Anadina ndani?"

Fisi anayang'ana chala chake.

"Nanga za m'laputopumu sizingafukulidwe?"

"Mukanangofufuta n'kuima pomwepo, mwina tikanayesa. Koma munda munagalauza, n'kudzalamo mbewu ina pamwamba."

Pamenepo Fisi anaseka. Anaseka, anaseka, misozi ili chuchuchu, mpaka amayi ogulitsa tomato anathawa kusiya malichero. Akuti kuseka kumene mafisi amaseka usiku kunayambira pansi pa mkuyu umenewo.

Kamba anadikira kuti amalize. Kenako anati 11 akhoza kumubwezeramo, ndipo laisensi sagulanso chifukwa opanga makinawo anaisindikiza m'kati mwa bolodi. Koma ntchito yake ndi nkhuku ziwiri, kulipiriratu. Fisi sanatsitse mtengo. Mphamvu zinali zitatha.

Madzulo laputopu inadzuka. Mawu anabwerera, netiweki inabwerera, mlonda wa pachipata anabwerera pa ntchito. Batani nalonso linabwerera pakati.

"Ilo!" anabuula Fisi. "Mdani wanga uyo!"

"Ndani?"

"Batanilo. Malo ake ndi kumanzere."

Kamba anabweza khosi m'chigoba, analitulutsanso. "Nkhani yonseyi inali batani?"

Anatambasula chala chake chochedwa chija. Settings. Personalization. Taskbar. Anatsika pansi, anapeza pamene panalembedwa Center, n'kusankha Left. Batani linanyamuka mwakachetechete n'kukakhala pakona.

"Basi?"

"Basi."

M'mawa mwake Fisi anayamba kuyenda khomo ndi khomo.

"Odi, a Mbawala. Ija ya feteleza ija."

"Ii, a Fisi, si ndinabweza mwezi watha? Taonani m'kompyutamo."

"Odi, a Nguluwe."

"Ndikukumbuka ndithu. Inali K500. Kapena K200? Tatsekulani tione, kompyuta sinama."

Nyani ndiye anachita kuitana mboni ziwiri, zonse zonunkha kachasu, kuti Fisi ndi amene ali ndi ngongole kwa iye.

Anafika kwa Kalulu. Chitseko chinali chokhoma. Anansi anati waoloka mtsinje, wakaona azakhali. Anati wanyamuka ndi ngolo, chifukwa katundu anachuluka: nkhuku za kwa Mbawala, thumba la mtedza la kwa Nguluwe, mkoko wa nthochi wa kwa Nyani. Kuti anamupatsiranji, palibe ankadziwa. M'dambo monse munangobuka mtima wopatsa sabata imeneyo.

Fisi anabwerera kunyumba miyendo yakumbuyo ikukwekwereka. Mkazi wake anali pamtondo.

"Bambo, paja mzere woyamba m'kope lija unali wa yani?"

"Wa amene anali ndi ngongole yaikulu kuposa onse."

"Eya. Dzina lake?"

Fisi anatsekula pakamwa. Anatsekanso.

Tsono inu, mukadzadutsa pamsika wa m'dambomo, mudzamuona. Amakhala pafupi ndi mkuyu, laputopu pamiyendo, batani lili pakona kumanzere monga ankafunira. Patsogolo pake pali tsamba loyera la mizere yopanda kanthu. Aliyense wodutsa amamukodola, n'kumufunsa mwaulemu umene kale analibe: "Pepani achimwene, kodi inu munatenga zingati?"

Akadzakufunsani, mudzayankhe nokha. Ine yanga ndinabweza kalekale. Akaone m'kompyutamo.

Kaphuleni mbatata, yapserera.