Mwana alembe zimene waona kapena zimene zili m'buku?

Anzanga, sabata ino tiyeni tilingalire funso ili. Buku la sayansi limati madzi amawira pa madigiri 100. Koma mwana wa ku Dedza akaviika thermometer m'madzi owira mu labu ya kusukulu, imaima cha pa 95. Ndiye alembe chiyani m'kope mwake?

Ambirife tingamuuze kuti, "Iwe, ingolemba 100 basi, ungalephere mayeso." Komatu mwanayo sanalakwitse. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Kumalo okwera chotere mpweya supanikiza madzi kwambiri, n'chifukwa chake amawira asanafike pa 100. Nambala ya m'buku ija ndi ya m'mbali mwa nyanja yamchere, monga ku Beira.

Tsono taganizani. Tikamukakamiza kufufuta 95 ija, tamuphunzitsa kuti maso ake ngabodza, komanso kuti kusangalatsa akuluakulu kumaposa kunena zoona. Mwana yemweyu ndi amene mawa adzayeze magazi anu kuchipatala. Mudzafuna alembe zimene waona, kapena zimene bwana wake akufuna kumva?

Kwa ine, mwana alembe 95, kenako afunse aphunzitsi chifukwa chake. Nanga inu mukuti bwanji?