Mapanga awiri avumbwitsa

Mwambiwu timanenera munthu wosakhazikika. Mvula yayamba, iye wathamangira phanga ili, waona lina ngati louma kwambiri, wathamangiranso uko, mapeto ake wanyowa ali panjira. Mlandu ndi wake, poti wasankha yekha.

Koma pali ana ena amene sachita kusankha. Pa Nkhudzi aphunzitsi akulemba pa bolodi, kunyanja injini ya boti ikulira, wina akufuula kuti usipa wafika pagombe, ndipo mutu wa mwana watembenukira komweko mwiniwake asanadziwe. Kunyumba amati ngwosamva, ngwamatukutuku, mkwapulo sukhala patali. Madokotala vutoli amalitcha ADHD. Ena amabadwa nalo, koma kuno kunyanja tisaiwale udzudzu. Kafukufuku wa Gretchen Birbeck ndi anzake pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, yemwe adatuluka mu 2010, adapeza kuti ana ochira malungo okwera kumutu amadwala khunyu ndi kusokonekera khalidwe kuposa anzawo. Mwana wachira, tathokoza Mulungu, kenaka tiyamba kumumenyera chipsera chomwe malungo adasiya mu ubongo.

Ku University of Southern California, Albert Rizzo ndi anzake adachita chinthu chimene agogo athu akadaseka nacho: adamumangira dala mwanayo mapanga awiri. Amamuveka magalasi a virtual reality, n'kudziona ali m'kalasi yongopeka, momwe muli mipando, bolodi ndi mphunzitsi. Pabolodipo pamatuluka zilembo, ndipo amamuuza kuti adine batani pokhapokha X akatsatira A. Ali mkati mwa ntchitoyo, kandege kapepala kauluka, galimoto ladutsa pawindo, munthu walowa pakhomo. Makinawo amawerenga zilembo zimene zamudutsa komanso momwe mutu wake wayenderayendera. Chimene chimandikondweretsa pamenepa n'choti kholo limaona umboni wakuti mwanayo sachitira mwano. Koma kuyeza si kuchiza, ndipo amene angakuuzeni kuti magalasiwo athetsa vutoli akukugulitsani malonda.

Ngakhale akadathetsa, angawafikitse ndani m'kalasi ya ana oposa 100? Chomwe chafika kwathu kuno ndi matabuleti. Boma lidayamba ndondomeko ya BEFIT mu 2023, yofuna kufikira sukulu zonse zapulaimale zaboma, ndipo maphunziro ake ndi a bungwe la onebillion, olankhula m'Chichewa. Mwana amavala mahedifoni, phokoso la panja n'kuzima, atsala yekha ndi liwu lomuuza kuti awerenge zinthu zimene zili patsogolo pake, ndipo akakhoza amadziwa pompo. Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham, atafufuza ana a m'Malawi ogwiritsa ntchito matabuleti otere, adapeza kuti kuwonjezera pa masamu, kutchera maso pa chinthu chimodzi kudakulanso. Apa palibe amene wakalipira mwana kuti asiye kuthamanga. Angomutsekera phanga linalo kwa kanthawi.

Kutseka kotereku mphunzitsi angakuchite popanda tabuleti. Amukhazike kutsogolo, kutali ndi windo loyang'ana kunyanja, amupatse ntchito yaifupi imodziimodzi, ndipo miyendo ikayamba kuyabwa amutume kukafufuta bolodi. Vuto ndi lakuti kutsogoloko kumakhala ana anzeru, wamatukutukuyo tidamuthamangitsira kumbuyo, pafupi ndi khomo.