Nkhokwe ndi Cipatala

Kodi munthu amene atapa cimanga m'nkhokwe yace nacigulitsa kuti atengere mwana wodwala ku cipatala acita bwino, kapena alakwira ana ace otsala? Funso limeneli livuta mabanja ambiri m'midzi.

Miyezi ya January ndi February ndiyo nthawi imene cimanga cicepa m'nkhokwe, ndiyonso nthawi imene udzudzu ucuruka ndi kufalitsa malungo. Cotero njala ndi nthenda zifikira pamodzi pakhomo. Mwana wosakhuta alibe mphamvu yolimbana ndi matenda, ndipo akadwala acedwa kucira. Atate ace agulitsa cimanga kapena mbuzi kuti apeze ndalama za ulendo. Amai ace akhala ku cipatala masiku ambiri, munda umene anayenera kupalira nulowa thengo. Pokolola apeza zocepa, ndipo caka cinaco njala ifika msanga.

M'caka ca 2006 Boma la Zambia linacotsa malipiro m'zipatala zazing'ono za kumidzi, ndipo mu 2012 linatero m'dziko lonse. Zimenezi zinapeputsako katundu. Komabe ulendo uli ndi mtengo wace, wodwazika matenda afuna kudya, ndipo mankhwala akasowa ku cipatala ayenera kugulidwa ku sitolo.

Tate amene agulitsa cimanga salakwa, pakuti malungo a mwana sadikira nthawi yokolola. Winanso amene azengereza, pokumbukira ana ena anai odya m'nkhokwe yomweyo, sali wouma mtima. Akomedwa pakati pa zabwino ziwiri. Koma kucedwa kukulitsa nthenda, ndipo nthenda yaikuru idya cuma coposa yaing'ono.

Mlandu weniweni uli pa mnansi amene, poona mnzace ali m'cisautso, amgula cimanga pa mtengo wocepa nadzamgulitsanso comweco pa mtengo waukuru njala itakula. Uli pa abale amene apita kukazonda wodwala cimanjamanja, nadutsa pa munda wace wodzala udzu osaima.

Makolo anali kulima dima, mudzi wonse nugwira makasu m'munda wa munthu mmodzi. Mudzi umene upalira munda wa wodwazika matenda uciritsa mwana wa lero ndi kucinjiriza wa mawa. Akuruakuru anati: caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.