Msiyeni Alowe M'matope

Mtsinje wa Domasi ukatsika m'mapiri, umadutsa m'minda ya mpunga n'kukathera m'nyanja ya Chilwa. Mtsikana wobadwira m'chigwachi amaudziwa mtsinjewu ngati chikhatho chake. Amachapamo, amatungamo, amadziwa mwezi umene madzi amafiira ndi umene amaphwa. Koma tsiku limene anganene kuti akufuna kudzakhala wofufuza za madzi ndi nsomba, pakhomo pamagwa phwete. Ati ntchito ya m'matope ndi ya amuna. Nanga amene amawokera mpunga kusikimu, matope mpaka m'mawondo, dzuwa lili pamutu, ndi ndani? Si amayi omwewa?

Iwe mtsikana wa ku Domasi, tamvera. Nyanja imene umagulako matemba ija, amene adatsogolera gulu loyamba kuifufuza mozama anali mayi, Pulofesa Margaret Kalk wa ku Chancellor College. Ntchitoyo idayamba m'ma 1960. Mu 1968 nyanja idaphwa, mabwato n'kutsala pamtunda. Wina akadalongedza zida n'kumapita kwawo. Gululo lidapitiriza kuyeza ndi kulemba, mpaka kuona mmene madzi ndi nsomba zidabwererera, ndipo mu 1979 lidatulutsa buku limene ofufuza za Chilwa amatsegulabe lero. Nyanjayi idaphwanso mu 1995, ndipo idzaphwanso. Pa nthawiyo, adzagwire kope ndi cholembera pa doko la Kachulu ndani ngati si iwe?

Kunalinso Rosemary Lowe, amene adafika kunyanja ya Malawi mu 1945 ali ndi zaka 24 kudzafufuza chambo. Atakwatiwa mu 1953, malamulo a atsamunda adamuchotsa ntchito chifukwa cha ukwatiwo basi. Iye sadasiye kufufuza nsomba mpaka ukalamba.

Mwina ukuti, aaa, amenewo ndi azungu. Chabwino. Dr Elizabeth Gomani-Chindebvu ndi Mmalawi mnzako. Adakumba nawo m'nthaka ya ku Karonga mafupa a zinyama zakalekale zotchedwa dinosaur, ndipo mu 2005 ndiye adapatsa dzina mtundu wina umene dziko silinkaudziwa, Karongasaurus. Tangoganiza: mwana wamkazi wa dziko lino kutcha dzina chinyama chimene chidafa anthu asanaponde pansi pano!

Ndipo iwe sukufunika ulendo wautali. National Aquaculture Centre ili pompano, ndi madamu ake a makumba, chilunguni ndi milamba. Malawi Institute of Education, kumene amakonza zimene ana a dziko lonse amaphunzira, ili pompano. Domasi College of Education, yosula aphunzitsi a sekondale, ilinso pompano. Ana ena amakwera basi tsiku lathunthu kuti adzaone zimene iwe umazidutsa popita kuchigayo.

Tsono inu makolo, mwana akati akupita kukafufuza kunyanja sabata ziwiri, lekani kumufunsa kuti adzamukwatira ndani. Mufunseni chimene akukayeza. Akabwera atada ndi dzuwa, kope lake litanyowa, muyimbireni nthungululu monga mumachitira pa chinkhoswe.

Inunso aphunzitsi, ndikudziwa kuti sukulu zambiri zilibe labotale yeniyeni. Koma mtsinje ulipo, ndipo salipiritsa. Tengani atsikana a fomu 2 Lachisanu likubwerali, aliyense botolo lake ndi kope, mukatunge madzi kumtunda kwa sikimu ndi kumunsi kwake, ayerekeze okha. Amene adzafunse kuti bwanji madziwa akusiyana, musamuuze yankho. Mubwerekeni jombo abwererekonso mawa.