Katsu Curry ku London: Kodi Chakudya Chili ndi Mwiniwake?

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana mumzinda wa London, anthu ambiri ogwira ntchito m'maofesi amathamangira chakudya chotchedwa katsu curry. Ndi mpunga, nyama ya nkhuku yokazinga ataikuta ndi nyenyeswa za buledi, ndi msuzi wolimba wa curry pamwamba. Chimapezeka m'malesitilanti, m'masitolo akuluakulu ngakhalenso m'misika ya zakudya zam'mbali mwa msewu monga ku Camden, kumene amaphika anthu akuona ngati mmene zimakhalira pachiwaya. Onse amachitcha chakudya cha ku Japan. Komabe nthawi zambiri wophikayo si wa ku Japan, wodyayo sanapondeko ku Japan, ndipo kakomedwe kake anakasintha kuti kagwirizane ndi lilime la anthu a ku Britain. N'chifukwa chake ena amati chimenechi ndi chinyengo, mwinanso kuba kumene. Kodi akunena zoona?

Dandauloli silochepa. Taganizani za munthu amene watha zaka akuphunzira kuwiritsa msuzi wa ramen, uja amaphika mafupa a nkhumba tsiku lonse mpaka msuziwo kuyera. Mawa lake akuona wina watsegula malo pafupi, wapachika nyali zofiira, walemba zilembo za Chijapani zimene iye mwini satha kuwerenga, ndipo akugulitsa msuzi wongosungunula ufa m'madzi otentha pa dzina lomwelo. Dzina ndi chuma, ndipo pamenepa wina akukolola pamene sanalime. Mu 2006 unduna wa zaulimi ku Japan unaganiza zoyamba kupereka ziphaso kwa malesitilanti akunja ophika chakudya chenicheni cha dzikolo. Manyuzipepala anaiseka ntchitoyi n'kuitcha upolisi wa sushi, ndipo chaka chotsatira boma linasiya ganizolo.

Linachita bwino kusiya, pakuti tikayamba kufufuza mwiniwake wa katsu curry timasochera msanga. Curry anachokera ku India. Angelezi anamusandutsa ufa wa m'chitini, ndipo ndi iwo amene anakafika naye ku Japan m'nyengo ya mfumu Meiji, imene inayamba mu 1868. Mawu oti katsu ndi chidule cha katsuretsu, mmene Ajapani ankatchulira mawu a Chingelezi oti cutlet. Choncho mbale imene munthu wa ku London akudya lero inadzera kwawo komwe, inapita ku Japan, inakasinthika, n'kubwerera. Ramen nayenso anadza ndi anthu a ku China amene anakhazikika m'madoko monga Yokohama. Tempura, zamasamba ndi nsomba zokazinga ataziviika m'phala la ufa wa tirigu, Ajapani anaphunzira kwa Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Ngakhale lesitilanti ya Wagamama, imene inathandiza kutchukitsa zakudyazi ku Britain, anaitsegula ku London mu 1992 ndi Alan Yau, wobadwira ku Hong Kong.

Ife odya nsima tisadabwe nazo. Chimanga chinachokera ku Mexico, ndipo makolo athu akale ankadalira mapira ndi mawere. Kodi alipo amene angaimirire n'kunena kuti nsima ya chimanga si yathu? Yakhala yathu chifukwa taisinja, taiphika, talira nayo maliro ndi kuvinira nayo maukwati. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Chakudya chimakhala cha anthu chifukwa chochisamala kwa nthawi yaitali, osati chifukwa choti palibe mlendo anachikhudzapo.

Koma apa tisafulumire kunena kuti zonse n'zololedwa. Kuti chakudya chilibe mwini mmodzi sikutanthauza kuti chilibe mangawa. Ajapani atalandira curry sanamugulitse ngati wa ku India. Anamuphika mwa njira yawo, n'kumupatsa dzina lakelake, karē raisu. Kusintha si mlandu. Mlandu umayamba pamene wasintha chinthu koma n'kumalumbira kuti ndi momwe amaphikira agogo a ku Osaka, pofuna kukweza mtengo. Pamenepo walakwira anthu awiri: wogula amene wamunamiza, ndi mmisiri amene wamubera mbiri. Wophika wa ku Poland kapena wa ku Nigeria amene waphunzira ntchitoyi mwakhama, ndipo akafunsidwa amanena poyera chimene wasunga ndi chimene wasintha, alibe chifukwa chochitira manyazi. Mtundu wake suwonjezera kapena kuchotsa kanthu mumphikamo.

Wodya nayenso ali ndi mbali yake. Ku Britain tsopano mawu oti katsu ambiri amawamva ngati dzina la msuzi, mwakuti pali zakudya zolembedwa katsu zopanda nyama yokazinga ija. Palibe amene wavulala nazo, koma zikuonetsa mmene tingakondere chinthu cha anthu ena popanda kufunsa n'komwe kuti eni chinenero amatanthauza chiyani. Munthu angathe kudya ramen sabata iliyonse koma osafuna kudziwa kanthu za Mjapani amene wakhala naye moyandikana m'sitima.

Ajapani asanayambe kudya amati itadakimasu, kutanthauza kuti ndikulandira modzichepetsa. Amavomereza kuti chakudyacho chadzera m'manja mwa ena: mlimi, msodzi, wophika. Ifenso mwana timamuphunzitsa kulandira ndi manja awiri, ndipo akatsomphola timamubweza kuti alandirenso bwino. Yemwe wagula katsu curry ku Camden safunika chiphaso cha boma lililonse kuti adye ndi mtima woyera. Chimene akufunika n'kudziwa kuti mbale ili m'manja mwakeyo yadutsa ku India, ku Britain ndi ku Japan, ndipo iye ndi wolandira chabe.