Mphunzitsi wopita ku Mzimba ayambe ndi Plato kapena ndi Khondowe?

Amene anaphunzira zauphunzitsi pa yunivesite amaikumbukira kosi ya filosofi ya maphunziro. Imayambira pa Plato, n'kudzera pa Rousseau, n'kukathera pa John Dewey ndi buku lake la 1916 lija, Democracy and Education. Sabata iliyonse ili ndi dzina lake: idealism, realism, pragmatism. Munthu amaloweza, amalemba mayeso, amakhoza. Kenako boma limamutumiza ku CDSS ina kwa Khosolo kapena cha ku Jenda, kumene mnyamata wa Fomu 3 amamuimitsa pakhonde n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, achimwene anga analekezera Fomu 2, ali ku Joni, amanga nyumba ya malata. Nanga ineyo ndikuvutikiranji?" Funso limeneli ndi filosofi yeniyeni, koma mphunzitsi uja akafufuza m'manotsi ake sapezamo poyambira.

Ine ndikuona kuti vuto lili pa kamangidwe ka silabasi. Timaimanga pa mayina a anthu otchuka, pomwe inayenera kumangidwa pa mikangano. Ndipo boma la Mzimba ndi madera oyandikana nalo ali ndi mikangano yokwanira semesita yonse.

Woyamba ndi wakuti mwana wa Mwafirika aphunzire mpaka pati. Robert Laws atatsegula Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894, ankafuna maphunziro ozama: ubusa, uphunzitsi, zachipatala, pamodzi ndi ntchito zamanja, ndipo ankalakalaka kuti malowo adzasanduke koleji. Mu 1924 kunabwera a Phelps-Stokes Commission, otsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndi maganizo ena: mwana wa kumudzi aphunzire zomuthandiza kumudziko, monga ulimi, ukhondo ndi luso lamanja. Sukulu ya Jeanes ku Domasi inabadwa m'maganizo amenewo. Pongomva, mfundo ya Jones ndi yokoma. Koma anthu ngati Levi Mumba, amene anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, ankamenyera maphunziro apamwamba, chifukwa ankadziwa kuti wokuuza kuti uphunzire "zoyenera iwe" nthawi zina amakhala akukutsekera khomo. Wophunzira wa pa yunivesite ku Luwinga kapena ku Ekwendeni atapatsidwa mbali ziwirizi n'kuuzidwa kuti asankhe imodzi ndi kuiteteza, angatuluke thukuta kuposa mmene amachitira poloweza tanthauzo la pragmatism. Ndipo mkanganowu sunathe. Timaumvabe anthu akamati ana azipita ku sukulu zaluso m'malo mothamangira digiri, ngakhale kuti olankhula chonchowo kawirikawiri ana awo ali ku yunivesite.

Wachiwiri ndi wakuti kodi sukulu isanabwere kunalibe maphunziro. William Koyi, mlaliki wachixhosa wochokera ku Lovedale, atakhazikika ku Njuyu mu 1882, anapeza Angoni a M'mbelwa ali ndi kaleredwe kawo kolongosoka, ndipo zinatenga zaka kuti alole sukulu. Sikunali kuuma mutu chabe. Ankaopa kuti ana ophunzira adzasiya kumvera akulu. Margaret Read, m'buku lake la 1959, Children of Their Fathers, anafotokoza mmene mwana wachingoni ankakulira: kubusa ng'ombe, kugona ndi anyamata anzake, kumvetsera milandu ikuweruzidwa, kuphunzira ulemu ndi kudzigwira. Yesaya Chibambo analemba mbiri ya Angoni monga mwini wake. Mabuku amenewa alowe m'kosi, koma asalowe ngati zokongoletsa. Ophunzira afunse kuti kaleredwe kameneko kankamupatsa chiyani mtsikana, kankawaona bwanji Atumbuka amene anagonjetsedwa, ndiponso ngati mwana ankaloledwa kufunsa chifukwa. Umunthu nawonso uyesedwe chimodzimodzi. Augustine Musopole ndi Didier Kaphagawani analemba za munthu m'maganizo a kwathu kuno, koma m'makalasi ambiri umunthu timangouimbira m'manja osaupanikiza ndi mafunso, ngati kuti kuufunsa n'kunyoza makolo.

Pa chilankhulo sindichedwapo, ngakhale nkhaniyo ndi yowawa. Donald Fraser, amene anakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, ankalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo za m'tchalitchi m'mayimbidwe awo. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi ndi m'sukulu. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kuti ndicho chophunzitsira. Choncho mwana wa ku Edingeni amaganiza m'Chitumbuka, amalemba mayeso a Chichewa, n'kumaphunzira sayansi m'Chingerezi. Mphunzitsi wake ayenera kukhala atasinkhasinkhapo kale ngati zimenezi zili zachilungamo.

Aliyense wodutsa pamsewu wa M1 pakati pa Mzimba ndi Mzuzu amaona Chikangawa. Mitengo ya paini ija, pafupifupi mahekitala 53,000, boma linaibzala kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1960 poyembekeza fakitale ya mapepala. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakula, inakhwima, n'kuthera ku macheka ndi kumoto wolusa. Wolemba silabasi ali ngati wobzala uja: amakonzekeretsa ana ntchito imene akuganiza kuti idzakhalapo pakadutsa zaka 20. Sukulu zathu zinamangidwa kuti zitulutse akalaliki ndi antchito aboma, ndipo chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994, ana olowa achuluka kwambiri kuposa mipando ya m'maofesi. Julius Nyerere anaona zotere mu 1967, nalemba mu Education for Self-Reliance kuti pulayimale ikhale yokwanira payokha, popeza ana ambiri sadzafika ku sekondale. Kaya anakhoza kaya analakwa, mphunzitsi wophunzitsa ana a ocheka matabwa akufunika kulimbana naye.

Ena anganene kuti ndikufuna kutsekera ophunzira m'khola, kuti yunivesite si bwalo la mfumu, komanso kuti digiri ya ku Mzuzu kapena ya Livingstonia iyenera kulemekezeka ku Lusaka ndi ku London. Akunena zoona, ndipo Plato sindikumuthamangitsa. Kamuzu anaika Chilatini ndi Chigiriki ku Kamuzu Academy mu 1981, ndipo sindiona cholakwika mwana wa ku Kasungu kuwerenga zimenezo. Chofunika kufunsa n'chakuti ndi ana angati anapeza mwayiwo, ndipo analipira ndani. Chimene ndikukana ndi ndondomeko. Plato abwere funso litafika kale. Kalasi ikatenthetsana pa nkhani ya kota posankha ophunzira opita ku yunivesite, imene inabwezeretsedwa mu 2009 n'kuthetsedwa mu 2020, kapena pa lamulo la 1989 lobweza aphunzitsi kuzigawo zakwawo, pamenepo lekichala atulutse Plato ndi maganizo ake akuti anthu amabadwa osiyana ndipo boma liwasankhire malo. Atulutsenso John Rawls ndi maganizo ake pa chilungamo. Ophunzira adzawawerenga ndi njala, chifukwa adzakhala akufunafuna zida zogonjetsera mnzawo wa pabenchi yakutsogolo.

Mayeso nawo asinthe, apo ayi zonsezi n'zachabe, poti wophunzira amawerenga zimene akudziwa kuti zibwera. M'malo mwa funso lakuti atchule mfundo zisanu za realism, popita ku TP, kokayeserera kuphunzitsa, aliyense atumidwe kukamva mkangano umodzi weniweni pasukulupo. Mwina makolo akukana kuti mtsikana amene anabereka abwerere m'kalasi, mwina komiti ikukangana za chikwapu, mwina ahedi akubweza ana osalipira ndalama za chitukuko. Alembe zimene mbali iliyonse ikunena mwachilungamo, moti eni akewo atamva avomereze kuti ndi mawu awo, kenako apereke chigamulo chake ndi zifukwa. Kuchonga mapepala otere n'kotopetsa, makamaka kalasi ikakhala ya anthu mazana, ndiye dipatimenti iyenera kupezeratu othandiza lekichala semesita isanayambe.